Mmene Ndinanyozera Apongozi pa Msonkhano

Mpaka lero wina akafunsa pa msonkhano kuti alipo wotha kumasulira Chingerezi, ine ndimawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato, ngakhale nditavala patapata. Pali chifukwa chake.

Chinali chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, zipani zambiri zitangobwera kumene. Ana anasefukira mpaka pansi pa mitengo, ndipo boma linatilemba ife ongomaliza kumene Fomu 4 kuti tikhale aphunzitsi ogwirizira. Ine ananditumiza pa sukulu ina ya m'mapiri, kupitirira kwa Dzoole. Ndinapita ndi taye wofiira ndi Chingerezi chimene ndinkachiona ngati chosakwana m'mutu umodzi.

Ndinali ndi lamulo langa limene ndinkaimbitsa ana a Sitandade 7 m'mawa uliwonse: mawu a Chingerezi akayamba ndi in, ndiye kuti akukana. Correct n'kukhoza, incorrect n'kulakwa. Visible n'chooneka, invisible n'chosaoneka. Ana ankaimba, ine ndikuguba kutsogolo kwawo ngati chilankhulocho ndinachipanga ndine. (Buku lotanthauzira mawu ndinalibe. Ndinkati limenelo n'la anthu okayikakayika.)

Chaka chotsatira bungwe lina lakunja linatipatsa malata ndi simenti kuti timange makalasi awiri. Njerwa anaumba ndi amayi a m'mudzimo, ndipo wowatsogolera anali mayi Nabanda, munthu woti akasenza ndowa anzake ankachita manyazi kukhala pansi. Mayi ameneyu anali ndi mwana wamkazi, Esinati, amene ine ndinkamufuna ukwati. Amalume anga anali atakaonekera kale kwawoko, tinkangodikira yankho.

Tsiku lotsegulira makalasiwo kunabwera mzungu wa bungwe lija, mayi wamtali wovala chipewa cha mlaza. Ahedi anali ndi chimfine, mawu atawathera. Asanamalize n'komwe kufunsa womasulira, ine ndinali nditaima kale pambali pa mlendoyo, ndikukonza taye. Mudzi wonse unali pamenepo, Esinati ali pa mzere woyamba wa kwaya. Ndinati lero aona amene akufuna kulowa m'banja mwawo.

Mlendo anayamba bwino. Anati pakadapanda amayiwa nyumbayi ikadakhala incomplete.

"Akuti pakadapanda amayi awa, nyumbayi ikadakhala yosatha," ndinatero mokweza.

Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Ndinayang'ana kwa ana anga a Sitandade 7 kuti aone lamulo likugwira ntchito.

Kenaka mlendo anaitana mayi Nabanda kuti abwere kutsogolo. Anabwera atavala chitenje chatsopano, akumwetulira chamumtima. Mzungu anawagwira paphewa n'kunena kuti iwo ndi munthu industrious. Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo, koma sindinatekeseke. Ndinawadula pawiri m'mutu: in kukana, dust fumbi.

"Akuti mayi awa alibe fumbi."

Anthu anayang'anana. Bambo wina kumbuyo anati mwina akunena za ukhondo, ndipo ena anawomba m'manja pang'ono. Koma mayi Nabanda anasiya kumwetulira. Munthu waumba njerwa miyezi itatu, kumuuza kuti fumbi silinamukhudze, mukuganiza amva chiyani?

Mlendo anapitiriza, nkhope ili ngwee. Anati ndi mayi ingenious. Apa ndinasangalala chifukwa genius ndinkamudziwa bwino, ndi munthu wa nzeru zakuya.

"Akutinso," ndinatsokomola pang'ono, "nzeru zenizeni alibe."

Ndinamva kuti china chake sichili bwino, koma ndinaganiza kuti azungu amadzudzula choncho, akumwetulira. Ndipo pofuna kuziziritsa zinthu ndinawonjezera mawu angaanga (apa ndi pamene ndimafuna nditabwerera n'kudzitseka pakamwa): "Paja masiku ano kuli ufulu wolankhula."

Mlendo anatulutsa nsalu yokulunga bwino m'pepala, n'kumaliza ndi mawu akuti thandizo lawo linali invaluable. Value ndi phindu, ndinkadziwa.

"Pomaliza akuti thandizo lawo pa ntchito yonseyi linali lopanda phindu."

Mzungu anayamba kuwomba m'manja yekha, atatambasula mphatso ija. Mayi Nabanda anapinda manja pachifuwa, n'kulankhula motsitsa osandiyang'ana.

"Aphunzitsi, muwauze kuti mchenga umene wamanga nyumbayi unakwera phiri ili uli pamutu panga. Nsalu yawoyo akapatse anzeruwo."

Anatembenuka n'kumapita. Amayi onse ananyamuka kuwatsatira, ena akunena kuti njerwa zawo azigumula akamangire makhola a nkhumba. Kwaya nayo inatsatira, Esinati patsogolo. Mlendo anandifunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinamuyankha kuti amayi a kuno ndi amanyazi.

Pamenepo anaimirira a Chimphamba, mkulu wa mpingo amene anaphunzitsa pa sukulu za mishoni zaka zambiri asanapume. Anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka pamene ndinaima.

"Mwana wanga, Chingerezi chimenechi unachitola kuti?"

Ndinayamba kuwafotokozera lamulo langa. Anandidula ndi dzanja.

"Mlendoyu wati mayi aja ndi akhama, ndi anzeru zopeza njira pamene ena asowa, ndipo thandizo lawo n'lamtengo wapatali moti sungaligule. In wina amakana, wina sakana. Ali ngati andale a masiku ano, usamaweruze ndi malaya, uzimudziwa aliyense payekha."

Anatuma anthu kukabweza amayi aja, n'kumasuliranso zonse kuyambira pachiyambi. Mzungu atamva zimene ndinanena anagwira pakamwa, n'kukumbatira mayi Nabanda kawiri. Ine palibe anandiuza kuti ndikhale pansi, ndiye ndinangoima pomwepo mpaka mwambo kutha, taye ali pakhosi.

Amalume anayenda wapansi kukapepesa, nkhuku ili m'khwapa. Anabwerako ndi uthenga wa mayi Nabanda: mzungu analankhula chilankhulo chake, koma mawu opweteka aja anatuluka pakamwa pa mwana wanu, ndipo sanaoneke kuti akumulemera. Yankho la ukwati analikankhira mpaka titakolola. Ndinalamulidwanso kuimirira m'tchalitchi Lamulungu n'kunena tanthauzo lenileni la mawu atatu aja, a Chimphamba akugwedeza mutu pa liwu lililonse. Nditalandira malipiro anga otsatira ndinakwera njinga mpaka ku Mponela kukafuna buku lotanthauzira mawu.

Esinati ndinamukwatira, ndipo apongozi anandikhululukira. Koma kwa zaka zonse zimene anakhala ndi moyo, ndikatumiza mawu oyamikira ndiwo zimene atiphikira, ankaitana mwana wawo pambali n'kumufunsa, "Kodi amuna akowa akuti chiyani kwenikweni?"