Mchombo wa Mwana Wanga ndi Buku la Mayi Matola

Lolemba

Ndine bambo! Ndilembenso kuti dzanja lizolowere: ndine bambo.

Mkazi wanga Asiyatu wachira dzuwa likutuluka. Mwana wamkazi, akutero amene amuona. Ine sindinamuone. Mayi ndi mwana ali m'chikuta, m'nyumba ya apongozi, ndipo satuluka mpaka mchombo utagwa. Mwamuna salowako. Ndangomva kulira ndili kuseri kwa nkhokwe. Mawu ake! Athu a ku Balaka enieni, omveka kutsidya kwa dambo.

Pa khonde la sitolo pa Nsanama makina anga akusoka okha lero. Aliyense wodutsa ndamuuza, ndi osafunsa omwe.

Tsopano nkhani yaikulu. Boma layambitsa zoti mlangizi wa zaumoyo aziyendera makolo atsopano pakhomo pawo, mwezi ndi mwezi mpaka mwana ayambe kuyenda. Wathu kuno ndi Mayi Matola, a njinga yakuda. Kathumba kogonekamo mwana pa sikelo yawo ndinasoka ndine, ndipo tsiku lomwelo ndinakopera malamulo a pa pepala lawo. Ali ndi buku lolembamo ana owayendera, koma salowa aliyense m'buku limeneli, iyayi:

1. Mwana akhale woyamba. (Wathu!)
2. Nyumba isapitirire mamailosi asanu kuchokera kuchipatala. (Atatu. Ndinayenda ndekha.)
3. Pakhale chimbudzi, thandala la mbale ndi dzenje la zinyalala. (Bwerani mudzaone.)
4. Makolo onse awiri akhale ndi khadi la chipani. (Achaka chino, osapindika.)
5. Mlangizi amuone mwana ndi maso asanathe masiku asanu ndi awiri.
6. Mwana ayezedwe, aone ngati wafika pa mzere wofiira wa pa khadi la sikelo.

Anayi atheka kale. Nambala 5 ikutha Lamulungu, nthawi ilipo yambiri. Nambala 6 ndi mayeso basi, ngati a sitandade 8. Boma silingathe matayala a njinga pa mwana wolephera. Ndatumiza nkhuku ndi nsinjiro kuchikuta kuti mkaka usachepe.

Bukulo likadali loyera. Tsamba loyamba, dzina loyamba: mwana wa telala.

Pali china chimene sindinena pa khonde. Mayi anga anaika m'manda ana atatu ine ndisanabadwe, onse osafika mwezi, ndipo palibe wodziwa za chipatala amene anapondapo pakhomo pawo. Wangayu ndikufuna aziwonedwa.

Lachiwiri

Belu la njinga pakhomo panga! Mudzi wonse watulukira. Ndavala shati ya makolala owuma.

Mayi Matola ayamba ndi chimbudzi. Atuluka akuti: "Chivundikiro chokhala ndi chogwirira, a telala? Ichi sindinachionepo." Ndapempha abwereze, poti a nyumba yakumtunda sanamve bwino.

Thandala: chongani. Dzenje: chongani. Makhadi: chongani, chongani.

Kenako anyamula sikelo ulendo wa kuchikuta. Pakhomo pake pali apongozi, atatambasula miyendo, akusankha nandolo m'lichero. Osadzutsa ngakhale mutu. Liwu limodzi: "Ngwamba."

Chiyao changa ndi chotsimphina, koma iyayi wa apongozi ndimamudziwa.

Mayi Matola atulutsa pepala la boma, lokhala ndi chidindo. Apongozi aliyang'ana, nkupitiriza nandolo wawo. Ine mkamwini sindingatsutsane ndi apongozi pamaso. Ndaima kuseri kwa nkhokwe, ndikutsokomola mwaulemu. Sizinathandize.

Powaperekeza pamsewu Mayi Matola akuti: "Koma za mzere wofiira uja, bambo, kaya munamvetsa kuti..." Ndawadula: musadandaule mayi, adutsa ameneyo, magazi ake ndi a ku Balaka. Andiyang'ana, nkukwera njinga.

Masiku atsala asanu. Palibe vuto. Nkhuku yachiwiri yapita.

Lachitatu

Ha! Nawonso apongozi ali ndi malamulo awo. Wabwera nawo mlamu wanga Hawa, mkulu wake wa Asiyatu, amene ndiye lamya yapakati pa ine ndi chikuta. Wolowa kukaona mwana mchombo usanagwe akhale:

1. Mkazi.
2. Woti anaberekapo.
3. Wosachokera kumaliro.
4. Wozizira. Ndiye kuti masiku ano sakugona mphasa imodzi ndi mwamuna wake, poti wotentha akhoza kumudwalitsa mwana.

Anayi okha, opanda chidindo, koma olimba kuposa a boma.

Ndakhala pa makina ndikuganiza. Mkazi: inde. Ana: ali nawo atatu, mayunifomu awo ndinasoka ndine. Maliro: sabata ino kuli zii. Nambala 4... Amuna awo a Mayi Matola amagwira ntchito ku Balaka! Mutu uwu sindinaugule pamsika, ndinabadwa nawo.

Vuto nlakuti funso lotere ungamufunse bwanji munthu waboma, wa yunifomu? Ndapita kuchipatala. Ndawapatsa moni katatu. Ndayamikira njinga. Ndayamikira pampu ya njinga. Thukuta kamukamu. Pomaliza ndangoti: kaya bambo ali bwanji ku Balaka?

"Ali bwino, koma papita mwezi osabwera."

Mwezi! Ndinatsala pang'ono kuwagwira dzanja. Andifunsa chimene ndikusekerera amuna awo akusowa pakhomo. Ndati dzino.

Hawa wakanena kwa apongozi. Apongozi afunsa amayi awiri a pamjigo, atsimikiza. Yankho: abwere mawa, avule nsapato, ndipo mwana asapachikidwe pamtanda wa denga ngati nyama ya mbuzi.

Ndagwirizanitsa boma ndi apongozi tsiku limodzi. Anthu amapatsidwa maudindo pa zochepa kuposa izi.

Lachinayi

Ndasesa bwalo. Ndayala mkeka watsopano. Ndapukuta chogwirira cha chivundikiro chija.

Eyiti koloko: zii.
Teni koloko: zii.
Masana: belu! Wogulitsa matemba.

Ndathamangira kuchipatala. Chitseko chotseka. Akuti lole yabwera m'mawa kudzatenga amayi onse ogwira ntchito m'boma, apita ku Liwonde kukayeserera kuvina, poti kukubwera akuluakulu. Bulauzi imene avala Mayi Matola kumeneko ndinasoka ndine, ndipo ikuwakhala bwino.

Pa nkhani iyi sindilemba zambiri. Kuvina ndi kwabwino. Ndalemba kuti ndi kwabwino, aliyense wotola kope ili aone.

Lipoti la Hawa: mwana akuyamwa ngati akupikisana ndi wina. Asiyatu akuti ndisiye kutumiza nkhuku, zamukwana, akufuna therere. Mchombo wayamba kuuma.

Ndafunsa kuti akufanana ndi ndani. Hawa akuti: "Mphuno ndi yanu, alamu. Pepani." Nsanje basi. Mphuno iyi ku Balaka imalemekezedwa.

Ndamumvanso akulira madzulo ano. Ndakhala pa mtondo kuseri kwa nkhokwe mpaka watonthola. Masiku anayi, mwana wanga ndikumudziwa ndi makutu okha. Zikundipweteka, ndisaname.

Atsala atatu. Mawa ndithu.

Lachisanu



Basi ya ku Liwonde yaima pa Nsanama m'mawa, moyang'anana ndi khonde langa. Atsika Mayi Matola. Ndaimirira kuti ndiwakuwire moni. Pambuyo pawo patsika bambo wina wamtali, wa chipewa, sutikesi kudzanja ili, mpani wa milamba kudzanja linalo. Akuseka. Nawonso mayi akuseka, kuseka kumene sindinakuonepo kuchipatala.

Ndi amuna awo! Akuti anakumana dzulo ku Liwonde, bambowo akuchokera ku Balaka, ndipo anagona kwa achibale. Kwa achibale!

Mwezi wathunthu munthu osabwera, nkusankha sabata yanga.

Ndapalasa njinga yobwereka kuti ndikafike kumudzi nkhani isanafike. Ndapeza yafika kale, yakhala pansi, yamwa ndi madzi omwe. Hawa wandichingamira panjira: "Akuti milamba inali isanu ndi umodzi, alamu. Mayi akuti ngwamba."

Ku mzikiti, pa mapemphero a Juma, anthu akundigwira dzanja mondipepesa, mabuleki a njinga yobwereka atandithera m'manja. Shehe akuti kuleza mtima ndi chuma cha wokhulupirira. Shehe alibe nambala 5.

Masana Mayi Matola abwera ndi sikelo monga tinapangana, nsapato m'manja. Apongozi awayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nkuwafunsa m'Chichewa chosalala bwino: "Milamba inakoma?" Mayi Matola avala nsapato zawo. Chichewa apongozi amachidziwa, amangochisunga.

Tsopano chatsala ndi chimodzi: mchombo ugwe Lamulungu lisanathe. Ukagwa, chikuta chatha, wotentha ndi wozizira yemwe akhoza kumuona mwana. Boma lonse la Malawi likudikira kachingwe kosafika chala changa chaching'ono.

Loweruka

Pa khonde pabwera kasitomala watsopano: Bambo Matola. Mathalauza atatu ofuna zigamba. Ndati ndiwasokera pompano kuti asachedwe ulendo wa ku Balaka.

"Musafulumire a telala, ndili pa tchuthi masabata awiri."

Ndathyola singano. Koma zigamba ndaika zabwino, munthu asadzanene kuti telala wa pa Nsanama amasoka ndi mkwiyo.

Zimene ndayesa lero:

Kuti mwana amuonetse pa zenera, Mayi Matola ali panja. Ngwamba, mphepo.
Kuti Hawa alowe ndi sikelo ayeze yekha. Mayi Matola akana, pepala likuti ndi maso a mlangizi.
Kuti tiwerenge masiku kuyambira Lachiwiri, poti Lolemba mwana anali asanakhazikike. Akana onse awiri. Koyamba boma ndi apongozi kugwirizana popanda ine.

Malipoti a mchombo:

M'mawa: wauma gwa.
Masana: wapendekeka.
Madzulo: "Ukulendewera ngati batani la ulusi umodzi, alamu."

Batani la ulusi umodzi! Ntchito ya kamphindi kwa munthu wa luso langa. Ndangoyang'ana thumba la shati mmene mumakhala sizasi, Hawa wandiona. Akuti ndikangoyandikira chikuta ndi chitsulo chimenecho, akatundu anga ndikawapeza pamsewu wa ku Balaka. Sindinanene kanthu ine. Kuyang'ana thumba lako ndi mlandu?

Asiyatu watumiza mawu: ndisiye kuzungulira nkhokwe, nkhuku zikuopa kuikira. Akutinso mwana ali bwino, ndigone. Iye sanamve mayi anga akutchula maina atatu aja.

Lamulungu

Wagwa.

Dzuwa lili pamutu, nthungululu kuchikuta. Ndathamanga mamailosi atatu aja ndi nsapato imodzi yomasuka. Mayi Matola ndawapeza akutuluka m'tchalitchi. Lero si tsiku lantchito, koma andiyang'ana nkhope nkuti: "Tiyeni, a telala." Mulungu awadalitse, ndi amuna awo omwe.

Sikelo yapachikidwa pa nthambi ya mango. Mudzi wonse uli pabwalo. Asiyatu watuluka, wanenepa ndi nkhuku zanga. Apongozi atulutsa mwana, wometedwa kale, amugoneka m'kathumba kanga kaja. Sakukwanamo! Miyendo panja, msoko ukulira.

Muvi wa sikelo wayenda, wafika pa mzere wofiira, waudutsa osaima nkomwe. Ndakuwa: wakhoza! Ndagwira dzanja aliyense, ndi wa matemba yemwe.

Ndatembenuka kuti ndione dzina likulembedwa. Mayi Matola akutseka buku.

"A telala, ndimafuna kukuuzani Lachiwiri. Buku ili ndi la ana osafika pa mzere, ofooka, amene tikuopa kuti angatisiye. Wanuyu sakundifuna ine. Muzibwera naye kusikelo mwezi ndi mwezi ngati anzake onse."

Ndafunsa ngati sangamuyezenso atachotsa thewera. Akuti ngakhale atachotsa mwendo.

Choncho basi. Chimbudzi, thandala, makhadi, nkhuku zitatu, singano imodzi. Tsamba loyamba lipita kwa mwana wina kuseri kwa dambo, amene akuti anabadwa wochepa ngati botolo. Njinga yakuda yalowera komweko, belu likulira. Ndaiyang'ana mpaka yabisika m'chinangwa. Apite, afike msanga.

Pabwalo anthu akuseka. Asekeni. Mwana wa telala walephera kulowa m'buku la boma chifukwa chonenepa, ndipo mawa ndikanena ndekha pa khonde, mokweza.

Kenako Hawa wandipatsa mwana. Koyamba. Mphuno ndi yangadi, ndipo ikumukhala. Kulemera kwake! Mkono wachita dzanzi, sindinamusinthe.

Nkhani itafika pa dzina, ndalankhula ndikuyang'ana pansi, kudzera mwa Hawa monga mwa masiku onse: ngati nkotheka, atchedwe Amina, dzina la mayi anga. Apongozi sanadikire Hawa. Andiyang'ana ine mwini, nkuti: "Elo."

Inde wa apongozi. Ndinali ndisanamumvepo.

Mayi anga ananyamula atatu opepuka ngati mtolo wa nsalu. Ndikanakonda akanakhalapo lero, mkono uwachite dzanzi.

Mawa ndimasula msoko wa kathumba ka boma, ndikakulitse. Ndinasoka kakang'ono.