Imvi za Amayi, Mphuno ya Abambo

Lolemba
Ndani anakhazikitsa lamulo loti mutu wa imvi sudayidwa? Pano pa Nazombe aliyense akungovomera. Akuti tsitsi likasintha mtundu, fungo la munthu limasinthanso. Zaka zinayi ndikuphunzira sayansi, zimenezi sindinazionepo m'buku lililonse. Mwezi wamawa ndikukalandira digiri ku Zomba, ndipo pachithunzi ndikufuna Amayi aoneke ngati amayi a anzanga. Dayi wakuda ndagula kale kuboma. Amayi akungoseka. Abambo akukana: "Amako amanunkhira imvi. Usawasokoneze."

Lachiwiri
Ndichita kafukufuku, nkhaniyi ithe. Zofunika:
maduku asanu ndi limodzi (awiri a imvi, awiri a tsitsi lakuda, awiri a odaya)
majumbo
kope
mphuno imodzi
Mphuno ndi ya Abambo. Ng'ala inawaphimba maso onse awiri, ndiye sipafunika kuwamanga nsalu. Akalephera kusiyanitsa, Amayi adaya. Abambo avomera.

Lachitatu
Kupempha maduku. Azakhali apereka. Amayi awiri akwaya apereka, koma akuti madukuwo abwezedwe tchalitchi chisanayambe Lamulungu. Wodaya m'dera lonseli ndi mmodzi, mphunzitsi wochokera ku Dedza, watsitsi lofiira. Duku savala, wandipatsa chipewa. Mayi oyandikana nafe akundiyang'ana kuyambira kumapazi: "Thukuta la m'mutu mwanga ukufuna upite nalo kuti?" Pofika madzulo mudzi wonse ukudziwa kuti ndikutolera zizimba zopezera ntchito. Dziko ili lidzatukuka liti?

Lachinayi
Kuyesa koyamba, pakhonde. Zotsatira:
loyamba, utsi
lachiwiri, utsi
lachitatu, matemba a ku Chilwa
chipewa, "mafuta a anthu olandira malipiro"
Lomaliza akhala nalo pamphuno nthawi yaitali. "Ili ndi la amako." Ndi lawodi. Ndikuwauza kuti ndi fungo la nyemba za kalongonda zimene Amayi amaphika tsiku lonse. Iwo: "Azakhali ako saphika kalongonda?" Ndibwereza mawa.

Lachisanu
Amayi achapa maduku onse, ndi chipewa chomwe, sopo mmodzi. "Za eni sitibweza zakuda." Kafukufuku wanga ali pachingwe, akudontha.

Loweruka
Ndikuyesabe. Abambo akununkhiza limodzi limodzi: sopo, sopo, sopo. Ndikutsegula kope kuti ndilembe kupambana. Mwadzidzidzi akutembenuza mutu: "Koma akudutsa kumbuyoku ndi amako." Ndikucheuka. Ndi Amayidi, opanda nsapato, opanda phokoso, mutu pambalambanda chifukwa duku lili m'jumbo mwanga.
Masana ndikuwaperekeza Abambo kumthunzi, dzanja lawo paphewa langa. Akuyankhula motsitsa: "Nkhope ya amako ndinasiya kuiona chaka chatha. Chatsala ndi fungoli. Mwina si imvi, wophunzira ndiwe. Koma ukawadaya n'kupezeka kuti anthu amanena zoona, ndizikawapeza bwanji?"
Funso limeneli mayeso athu analibe.

Lamulungu
Maduku abwezedwa tchalitchi chisanayambe. Mphunzitsi akuti chipewa chake chakhwinyata. Mbiri ya zizimba ikuyendabe, akuti yafika mpaka kumsika.
Mapeto a kafukufuku: sizikudziwika. Ndimakhulupirirabe kuti tsitsi ndi fungo sizigwirizana, koma sindiyesera pamutu wa Amayi. Pachithunzi adzakhala ndi imvi zawo, Abambo pambali pawo.
Dayi uja ndinatsegula kale, kusitolo sabwezedwa. Ndatenga nsapato zanga zosuluka, zimene ndikavale ku Zomba, ndazipaka, ndaziyanika padzuwa.