Tsiku Limene Masetilaiti Ananditsatira Kuchokera ku Bwanje

Amene akuti NaPhiri ndimanama ayambe wasenza ndowa yodzaza kuchokera kudambo osadontheza, kenaka abwere tikambirane. Ine ndilibe nthawi yopeka nkhani, mbatata zikundidikira pamsika ndipo izi ndikulembera pabondo. Koma poti pa Nsipe pano nkhaniyi mwaipotoza, imvereni kwa mwini wake.

Linali tsiku la chinkhoswe cha mwana wanga wotsiriza, Esinta. Dzulo lake ndinali nditatsikira ku Bwanje kukatenga mpunga kwa mchemwali wanga amene amalima kusikimu ya mthirira, mvula inagwa, mlatho unakokoloka, ndipo kutacha galimoto zonse zinkabwerera. Kwathu uko madzi ali pamoto, akuchimuna anyamuka kale, mpunga wonse uli ndi ine kutsidya. Mukumva? Alendo akhale pamphasa n'kumayang'ana mbale zopanda kanthu pakhomo pa ine?

Woyendetsa galimoto anali akamwini anga, a Jekapu, amuna a mwana wanga woyamba, munthu waulemu koma wozizira ngati phala la dzulo. Anatulutsa kabokosi kamene anagula m'tauni, kali ndi chingwe chachitali ndi kambale konga chivindikiro cha chitini. Poti mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, anafotokozera mchemwali wanga ine ndili pomwepo, kuti kambaleko kakakhala padenga la galimoto kamalankhula ndi masetilaiti akumwamba, ndipo kabokosiko kamaloza njira ngakhale kutchire kopanda msewu. Vuto linali loti kambaleko kamagwira ndi maginito, pamene denga la galimoto yawo ndi thabwa la pulayiwudi lopaka penti. Anakaika, kanagwa. Anakamanga ndi mphira, kanapendekeka. Kenaka anati kamafuna malo osagwedezeka oona thambo lonse, choncho tidikire kaye aganize.

Kudikira ine? Ndinapota chitenje n'kupanga nkhata, ndinakwera kumbuyo pamwamba pa matumba, kumene ndikanakhalabe poti kutsogolo sindingakhale phewa ndi phewa ndi mkamwini, ndipo kambale kaja ndinakaika pamutu. Ndinauza mchemwali wanga kuti, "Auzeni akamwiniwo alize galimoto, denga lapezeka."

Khosi ili lasenza nkhuni, njerwa za tchalitchi ndi matumba a kachewere chiyambire utsikana wanga, silidziwa kugwedezeka. Kambaleko katangomva kukhazikika kotero kanaitana masetilaiti onse nthawi imodzi, a azungu, a amwenye ndi ena akale amene eni ake anawaiwala, ndipo anatsika mmwamba muja ali mdipiti ngati mpheta zoona mpunga wocha, mpaka alimi anayamba kuwaimbira zitini kuti achoke, mthunzi wawo unandiphimba dzuwa, ndipo ku Manjawira anthu amene ankaonera mpira m'nyumba ya vidiyo anangoona duku langa pakanema mpaka mpira kutha. Mukumva? Kafunseni, ena amandipatsa moni mpaka lero osadziwa kuti anandionera kuti.

Tsono kabokosiko sikadziwa zokhota, kamangoloza molunjika ngati muvi. Tinadutsa m'ngalande, tinakwera chulu n'kutsikira mbali ina, mlambe wina utationa unakokera mizu yake pambali n'kutipatsa njira, ndipo titafika pamtsinje wodzaza umene unakokolola mlatho uja galimoto inalowa yonse, a Jekapu akuyendetsa pansi pa madzi nsomba zikuwasuzumira pagalasi, pamwamba pakuoneka mutu wanga wokha ndi kambale. Potuluka chingwe chinakodwa m'bango n'kuduka. Ndinagwira mbali zonse ziwiri n'kuziluma ndi mano, ndipo njira yonse inayamba kudutsa m'kamwa mwanga, zilembo zikuoneka m'maso mwangamu, KUMANJA, KUMANZERE, zazikulu ngati za pabolodi. Pamenepo ndinathokoza sukulu ya kwacha, imene anzanga ena ankati ndikungotayako nthawi. Kulankhula sindikanatha, komanso sindikanalankhula ndi mkamwini, ndiye ndinkangomenya denga ndi chidendene mbali yoyenera, iwo n'kumakhota.

Mpunga uja unali utamwa madzi mumtsinje. Onjezani kutentha kwa ku Bwanje, kumene nkhuku zimaikira mazira owiritsa, ndi moto wa injini pokwera phiri, lomwe linali lotsetsereka moti matayala akumbuyo anapitirira akutsogolo. Matumba anayamba kufufuma, nthunzi ikutuluka, fungo likukoka agalu a midzi yonse, ndipo mulu uja unkandikweza, kundikweza, mpaka mtambo unandinyowetsa mapewa, setilaiti ina yaing'ono inatera pakambale kuti ipume, ndipo ndili pomwepo ndinaona pakhomo panga, akuchimuna akupatsidwa madzi osamba m'manja, Esinta akulira kuseri kwa nkhokwe.

Tinalowa pabwalo mlendo wotsiriza akukutumula manja. Ndinalumpha, ndinang'amba thumba ndi mpeni, mpunga wakupsa bwinobwino, woyoyoka, wosapserera. Amayi ophika anangobwera ndi zipande.

A Jekapu anakauza akazi awo kuti kabokosi kanazima pangalande yoyamba, kuti tinadzera njira ya ngolo imene aliyense amaidziwa, ndiponso kuti kumenya kwanga kunawabowolera denga. Munthu amene anali pansi pa pulayiwudi angadziwe bwanji za kumwamba? Ine ndikudziwa zimene ndinaona. Akuchimuna anadya mpaka kumasula malamba, Esinta anapukuta misozi, chinkhoswe chinatheka.

Chimodzi chokha ndikuvomera. Ankhoswe akuchimuna, atatsuka mbale yachiwiri ndi chala, ananong'oneza mnzawo kuti, "Mpungawu ndi wabwino, koma mchere mulibe." Ananena zoona. Mumtsinje muja munalibe mchere, ndipo masetilaiti onse aja, ndi nzeru zawo zonse, panalibe ndi imodzi yomwe imene inandikumbutsa.