Thalauza Lofiira la ku Amsterdam

Mpaka lero, munthu akandifunsa kuti ku Ulaya ndinakaonako chiyani, dzanja langa limayamba lakhudza mfundo ya chitenje. Limangopita lokha.

Nthawi imeneyo ndinali mlembi ku Capital Hill, ndipo kutaipa ndinkakudziwa, osati zamasewera. Choncho atandisankha kuti ndipite ku Amsterdam kukaphunzira za mu ofesi, sindinadabwe konse (anadabwa ndi anzanga). Area 15 yonse inamva, chifukwa ndinatsanzika khomo ndi khomo, ngakhale kwa anthu amene sitinkapatsana moni.

Achinyamata inu simungamvetse. Masiku amenewo mzimayi kuvala thalauza unali mlandu wa kupolisi. Ndiye ife a m'boma, kungomveka kuti wachita zotere, ntchito yatha, nyumba ya boma tulukamo. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi Kamwendo, wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu, amene ankatha kuyeza siketi yako ndi diso limodzi.

Mzindawo ndi wokongola, ndisaname. Misewu ina ndi madzi okhaokha, ngalande zikuluzikulu, maboti akuyenda pakati pa nyumba. Nyumbazo ndi zowonda, zazitali, zotsamirana ngati anthu odikira basi. Koma kuzizira kwake, abale! Kwa ku Dedza kuja n'kocheza.

Loweruka lina mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa komweko dzina lake Mareke, anati akandionetse malo. Ataona ndikunjenjemera mu diresi, anatulutsa thalauza lake laubweya, lofiira psuu. Ndinakana, ndikumufotokozera za malamulo a kwathu. Iye anangofunsa ngati apolisi a kwathu amasambira m'ngalande zawo. Ndinavala. Pamwamba ndinamangapo chitenje mpaka ku akakolo, ndipo ndinadziyamikira nzeru. Kamera yanga ndinamupatsa ndi lamulo limodzi: jambula kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba basi.

Tinaona nyumba yosungiramo zojambula zakale, tinaona msika wa maluwa woyandama pamadzi, kenako tinakwera boti lozungulira mzinda. Ine nditafundidwa, mantha onse anatha. Ndinaima kumbuyo kwa boti ndikubayibitsa anthu a pa milatho ngati nduna. Potsika ndinakananso dzanja la woyendetsa boti, ndikuti mwana wa ku Lilongwe sagwiridwa dzanja podumpha ngalande. Ndinadumpha bwinobwino. Kungoti nsonga ya chitenje inali itakodwa pa chitsulo. Ine ndinafika kumtunda, chitenje chinatsala, mphepo n'kuchitenga kukachiyala pamadzi pakati pa abakha. Ndinaima pamenepo miyendo yofiira ili poyera, kukamwa yasa. Mareke anali ndi kamera kumaso, koma analumbira kuti sanadine.

Nditabwerako, filimu ndinakaisiya ku Old Town kwa Che Asani, otsuka zithunzi, ndipo ndinaitana amayi a m'dera kuti adzaone Ulaya kunyumba kwanga. Zithunzizo ndinakazitenga tsiku lomwe amayiwo ankabwera, masikono ali kale patebulo. Che Asani anandipatsa emvulopu akuyang'ana kumbali.

"Mayi, muyambe mwaziona nokha."

Ndinawayankha kuti ku Ulayako ndinapita ndine, ndikudziwa zimene zilimo (pakamwa pangapa padzandipha).

Mukudziwa mwambo wathu, chinthu chabwino amayamba kugwira ndi wamkulu. Ndinagwada, n'kupereka emvulopu yosatsegula kwa mayi Kamwendo ndi manja awiri. Iwo ankati akaona chithunzi, n'kupatsira mnzawo. Maluwa anadutsa, milatho inadutsa, anthu akuyamikira, ine ndikufotokoza ndi Chizungu cha m'mphuno. Kenako mayi Kamwendo anaima pa chithunzi chimodzi. Anachisendeza pafupi ndi maso, anandiyang'ana miyendo, n'kuchilowetsa m'chikwama chawo mwakachetechete. Anamaliza tiyi, anathokoza, n'kumapita.

Ndinaopa, osabisa. Galimoto iliyonse yoima pakhomo, ndinkathamangira kukasuzumira pazenera. Ku ofesi bwana akangondiitana, ndinkalowa nditanyamuliratu chikwama. Bambo a kunyumba nditawauza, anangofunsa kuti katundu yenseyu tikamuika pati kumudzi, ndipo chakudya sanadye.

M'mawa wina wa mu Juni, bambo atapita kuntchito, ndinamva odi ku khomo la kukhitchini. Anali mayi Kamwendo, okha. Anatseka chitseko.

"Chovala chija munabwera nacho?"

Ndinafuna kukana, koma umboni unali m'chikwama chawo. Ndinavomera kuti Mareke anandipatsa, ndipo ndinachisokerera mu pilo. Ndinagwada kuti ndiyambe kupepesa.

"Chimafunda?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinayankha kuti chimafunda zedi. Ndiye anayamba kudandaula za mawondo awo, kuti amadzuka mbandakucha kukwera lole yopanda denga kupita kokavina, ndipo chisanu cha chaka chimenecho chiwapha. Ndinasomola pilo. Thalauzalo analikulunga m'nsalu ngati nkhuku yakuba, n'kutulukira kuseri.

Loweruka lotsatira tonse tinali pa lole, titavala nsalu zachipani, mano akugundana. Mayi Kamwendo okha ndiwo ankayambitsa nyimbo ndi mawu amphamvu. Pamene ankakwera, ndinaona kansalu kofiira kakusuzumira pa kakolo. Ndinawerama ngati ndikutola kanthu, n'kuwatsitsira chitenje.

"Zikomo, mwanawe," anatero osandiyang'ana.

Ntchito yanga ndinaigwira mpaka kupuma, palibe anandifunsapo kanthu. Koma thalauza silinabwerenso, chithunzinso sanandibwezere. Nditachifunsa tsiku lina, anati chili pabwino, monganso ine ndikusungira zimene ndinaona pa lole. Kuyambira pamenepo chitenje ndimamanga mfundo ziwiri. Za kudzitama zokha ndiye sindinasiye, chifukwa mu Area 15 yonse, ndani wina anavekapo wapampando thalauza?