Tsiku limene ng'ombe sizinadikire Ameni

Ndiyambe ndi kunena kuti nzeru yanga inali yabwino, ndipo mpaka lero ndimaikhulupirira. Zimene zinalakwa ndi ng'ombe, dambo ndi wodwala. Ine mbali yanga ndinaichita mwadongosolo.

Kunali kwathu ku Mphamba, m'zaka za m'ma 90, nditangobwerako ku koleji ku Chipata (ndinaphunzirako chaka ndi theka, kenako aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti zakwana). Mpingo utaona kuti m'mudzi mwafika munthu wa wotchi, unandipatsa udindo woyendera odwala. Ndinaulandira ndi mtima wonse. Vuto linali loti inali nyengo yosankha fodya, nthawi imene mlimi amadya chiimire.

Ndiye ndinakhala pansi monga munthu wophunzira n'kugawa nthawi. Wodwala aliyense mphindi zisanu ndi ziwiri: imodzi ya moni, ziwiri za nyimbo (ndime yoyamba yokha), zitatu za pemphero, imodzi yotsanzika.

Lachiwiri lina ndinabwereka ng'ombe ndi ngolo ya alamu anga n'kukwezamo mabelo atatu a fodya, thukuta langa la chaka chonse. Lole ya ogula fodya inkanyamuka pamsika masana. M'njira yomweyo munali nyumba ya aZimba, bambo wachikulire wokhala yekha, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'maesiteti a fodya ku Kasungu, koma tsopano anali chigonere ndi mwendo wotupa. Ndinati ulendo ukhale umodzi, Mulungu alandire zake, ogula fodya alandire zawo.

Alamu anandichenjeza ndikunyamuka: "Mukaima muzimange. Dzuwa likakwera zimafuna madzi izi."

Sindinazimange. Kumanga ndi kumasula ng'ombe ndi mphindi zinayi, ndipo pa dongosolo langa panalibe malo ake.

"Monire adada!" ndinafuula ndili pabwalo.

"Yewo, monire namwe," anayankha aZimba ali pakhonde. "Khalani pansi aphunzitsi, mpando suluma." (Kwathu munthu akangoponda pakoleji ndi aphunzitsi mpaka kumanda.)

Ndinakhala ndi thako limodzi. Nyimbo ndinaimba ngati wothamangitsidwa ndi njuchi, pemphero ndinalimaliza nthawi isanakwane. Ndikuti ndidzuke, aZimba anandigwira bondo.

"Mwanipemphelela. Lomba nane nikupempheleleni. Ndiye mwambo."

Unalidi mwambo, ndipo powerengera paja ndinauiwala. Ndinatsinzina.

AZimba anayambira kwa Adamu. Atafika pa ana a Israeli m'chipululu, ndinamva goli likulira kwii. Atafika pa Yona, matayala a ngolo anayamba kugudubuzika. Mwina mukufunsa kuti bwanji osangotsegula maso. Munthu wa udindo mumpingo satsegula maso wodwala akupemphera, makamaka wodwalayo atamugwira bondo.

"Atate," anapitiriza aZimba mosafulumira, "dalitsani mwana wanu uyu, amene wayang'ana wochi katatu pakhomo panga. Ni wotangwanika, Atate. Ndiye chifukwa chake sanaone kuti ndowa yanga ilibe madzi kuyambila dzulo. Sanafunsenso ngati nadya. Musamuwelengele mlandu."

"Ameni," ndinayesa ine.

"Sin'nasilize. Mukumbukilenso, Atate, ng'ombe za alamu ake, zimene niziona zitsika ku dambo. Muziyendetse bwino."

(Apa ndi pamene ndinazindikira kuti lamulo lotsinzina linali kugwira ine ndekha.)

Ameni weniweni atafika, ndinathamanga liwiro limene anthu a m'mudzimo akulikambabe. Ng'ombe ndinazipeza zikumwa madzi mwaulemu, ngolo itapendekera m'matope, mabelo awiri ali m'madzi. Lole inapita popanda ine.

Fodya wonyowa sadikira, mukamusiya m'belo amachita nkhungu. Nyumba yapafupi inali ya aZimba yomweyo. Ndinabwererako, matope lekeza m'chiuno.

"Mwabwela kudzationanso, aphunzitsi?" anandilandira. "Chikondi chotele chasowa masiku ano. Masulani mabelo tione. Koma muyambe mwatunga madzi."

Ndinatunga. Ndinawaza nkhuni, ndinaphika phala. Kenako tinayanika fodyayo pamthunzi, ndipo masiku atatu athunthu tinakhala pakhonde kusankhanso tsamba limodzilimodzi, iwo mwendo atausanjika pachitsa, akunditsutsa pa tsamba lililonse. Manja awo ankaidziwa ntchito. Fodya amene ndinkati watayika anapulumuka wambiri, ngakhale belo limodzi linatsika giredi. Tsiku lachitatu, tikudya, anangoti chichitikire maliro a akazi awo palibe amene anakhalapo pakhomo pawo mpaka kudya nawo. Ndinanamizira fumbi la fodya kuti landilowa m'maso.

Lamulungu aZimba anafika kutchalitchi ndi ndodo n'kuimirira kuchitira umboni. Anati chibadwire sanaonepo woyendera odwala wodzipereka chotere, wosiya msika wa fodya n'kukhala ndi wodwala masiku atatu. Za ng'ombe sanatchule. Ine ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, monga kuyenera. Akulu a mpingo zinawakhudza kwambiri, moti pomwepo anandiwonjezera odwala ena asanu ndi mmodzi, onse akuyembekezera masiku awo atatu.

Pankhaniyi pali phunziro ndithu, ndikudziwa. Kungoti chiyambire tsiku limenelo ndakhala wotangwanika, sindinapeze nthawi yolifufuza.