Hita yanga ili m'manja mwa mayi wa ku Joni

Mpaka lero anthu a mphakati wathu akafika kwathu amavula majekete ali pakhomo, kenaka n'kuponya maso pakhoma. Sanena kanthu, ndi anthu opemphera, koma ine ndimadziwa chimene akukumbukira.

Ndinakulira ku Salima, kumene munthu umagona osafunda. Boma litanditumiza ku Mzuzu ndinapeza nyumba ku Katawa, ndipo mwezi wa Juni unandiphunzitsa kuti mafupa nawonso amamva kuzizira. Chaka chotsatira, m'nyengo yomweyo, tinalandira mwana wathu woyamba, Chisomo. Anamwino anatiletsa kuika mbaula pafupi ndi khanda, choncho tinagula hita. Koma hita ilibe nzeru. Ukaisiya imawotcha mpaka mayunitsi a magetsi atha, ukaizimitsa mwana wayamba kuyetsemula.

Nzeruzo ndinakazipeza ku Luwinga, kwa a Gondwe, amene amagulitsa katundu wa kaunjika wochokera ku Joni. Anandionetsa kachipangizo kozungulira ngati chivindikiro cha botolo la jamu, kokhala ndi kagalasi kowala.

"Aka ndi themositati, bwana, kabwino chomene," anatero. "Mumangokauza madigiri amene mukufuna, iko kamayatsa ndi kuzimitsa hita kokha. Ngakhale muli ku ofesi mumakalamula pa foni."

"Nanga kakavuta?"

"Kampani yake imayankha nthawi iliyonse. Yewo."

Anabwera okha kudzakamangirira pakhoma la pabalaza. Anadula pulagi ya hita, mawaya n'kuwalowetsa m'kachipangizomo, kenaka anakalumikiza ku waifai yathu. Apu ya pafoni inakana kunditsegulira, koma iwo anati ndi netiweki chabe, ndiziyamba ndatembenuza ndi dzanja. (Pamenepo munthu wanzeru akanafunsa funso lina. Ine ndinawapatsa tiyi.)

Masiku oyamba kanagwira bwino. Kenaka kanayamba makhalidwe. Ndikaika pa 22, pobwera kuntchito ndimapeza pa 10, akazi anga atamukulunga mwana ngati mtolo wa fodya.

"Bambo a Chisomo, mwatsitsa ndinu?"

"Ine ndinali kuntchito. Mwina mwakagunda posesa."

"Ndimasesa pansi, osati pakhoma."

Ndinalembera kampani ija pa intaneti. Anayamba kundiyankha ndi makina, amene anapepesa mwaulemu n'kundifunsa ngati ndayesa kuzimitsa ndi kuyatsanso. Ndinati ndayesa. Anapepesanso, n'kundifunsa funso lomwelo. Bandulo ili pafupi kutha ndi pamene kunabwera munthu weniweni. Anafunsa dziko limene ndili. Nditati Malawi, anati pamndandanda wawo palibe, kodi ndikutanthauza Mali? Tinagwirizana kuti ndili ku Mali kuti nkhani ipite patsogolo. Atafufuza nambala ya kuseri kwa kachipangizoko anati kanalembetsedwa m'dzina la munthu wina, ndipo ndi yekhayo amene angakamasule.

"Ndani?" ndinafunsa.

"Sitingakuuzeni, n'chinsinsi cha kasitomala."

"Ine si kasitomala?"

"Malinga ndi kompyuta yathu, ayi."

Akazi anga sindinawauze zimenezi. Ndinangoti akatswiri akukonza.

Lamlungu lotsatira masana inali nthawi yathu yolandira mphakati. Kunja kunali kamvula kaja ka Mzuzu kosadziwika poyambira, ndipo anthu anabwera atavala majuzi, majekete ndi zipewa. Asanakhale n'komwe pansi ndinawaonetsa kachipangizo kanga. Ndinafotokoza za madigiri ngati ndinakapanga ndine. A Nyirenda, mkulu wa mphakati wathu, anagwedeza mutu nati, "Dziko lapita patsogolo chomene."

Ali mkati mofotokoza mawu a tsikulo, ndinamva hita ikusintha kaliridwe. Ndinasuzumira pakhoma: 32. Ndinanyamuka mwakachetechete n'kubweza pa 22. Ndisanafike pampando inali itabwerera pa 32. Ndinapitanso. Inabwereranso. Ulendo wotsatira ndinangoima pomwepo, dzanja lili pakhoma, maso nditatsinzina, kuti azione ngati ndi kapempheredwe kanga.

Anthu anayamba ndi zipewa, kenaka majekete. A Nyirenda ankapukuta thukuta ndi tayi, koma sanadumphe ndime ngakhale imodzi. Chisomo anayamba kulira, nkhope ili psuu, ndipo mayi ake anathawira naye kukhonde. Pulagi yoti ndizule panalibe, a Gondwe anali atadula.

Ndiye kagalasi kaja kanasintha. Pamalo pamene pamalembedwa dzina la chipinda panatuluka liwu limodzi la Chingerezi, m'zilembo zikuluzikulu. Ine ndinali nditachotsa dzanja kuti ndipukute kumaso. NyaMhango, amene amaphunzitsa Chingerezi kusekondale ndipo sadutsa chilembo osachiwerenga, anatimasulira tonse.

"Palembedwa kuti WAKUBA," anatero modekha.

Akazi anga analowa, mwana ali paphewa, n'kupita molunjika pa meniswichi kukazimitsa nyumba yonse. Pemphero lomaliza linachitika mumdima wa mitambo, ndipo a Nyirenda anapempherera "onse amene ali ndi zowalemera mumtima". Ameni wake anamveka mwamphamvu kuposa masiku onse.

M'mawa mwake ndinatulukira kuti dzina la chipinda limatheka kulisintha pakhoma pomwepo, chilembo chimodzichimodzi. Ndinalemba m'Chingerezi kuti NDINAGULA. Patapita kanthawi linasintha lokha: BODZA. Ndinaikapo nambala yanga ya foni.

Amene anaimba anali mayi wachikulire wa ku Joni, wamasiye. Atasamukira m'kanyumba kakang'ono, mwana wawo wamwamuna anagulitsa katundu wina osawauza. Iwo ataona pafoni kuti kachipangizo kawo kayakanso kwinakwake, anaganiza kuti kanabedwa posamuka. Anayesa kumuziziritsa wakubayo, sizinathandize, ndiye anaganiza zomuwotcha. Ali mkati mondikalipira, Chisomo analira.

"Muli khanda m'nyumbamo?" anafunsa.

"Lilimo."

Anapempha kulankhula ndi mayi ake a mwanayo.

Tinayesa kusamutsa kachipangizoko kuti kakhale m'dzina langa. Kampani inati mwini wake wa imelo imene inalembetsedwa atsimikize yekha. Imeloyo inali ya amuna awo. Titafotokoza kuti anamwalira, anatipepesa kwambiri, n'kunena kuti nkhaniyi aipereka kwa akuluakulu awo. Akuluakuluwo akuiganizirabe.

Ndiye mmene zilili ndi momwemo. Ndinaphunzira kuti chinthu cha kaunjika chimene chili ndi nzeru uziyamba wafunsa kuti chimamvera ndani. Chathu chimamvera mayi aja. Akazi anga amawatumizira zithunzi za Chisomo, iwo n'kumaona pafoni pawo mmene kwachera pabalaza pathu ku Katawa. Sabata yatha kunazizira kwambiri, ndipo ndinawalembera mwaulemu kupempha kuti akweze pang'ono, ifike pa 24. Anayankha kuti 20 ndi yokwanira kwa mwana, kutentha kwambiri kumaumitsa mphuno, ndipo bambo wamkulu ngati ine ndikhoza kuvala juzi.

Ndinavala juzi.