Sefa ya Dzina la Lusungu

Lolemba
Achimwene anga a Wongani akukwatira Loweruka ku Masasa. A komiti akuti ndikaime pakhomo la holo kuona makadi. Ndakana! Ine ndi wa kompyuta. Alendo azitumiza mafuno abwino pa foni, pulogalamu yanga iziwaonetsa pakhoma ndi pulojekita. Lamulo ndi limodzi: dzina la Lusungu, chibwenzi chakale cha achimwene, lisaoneke. Alamu, akwatibwiwo, anenetsa kuti, "Likangotuluka, ndikuvula velo." Anzawo a achimwene ndi achipongwe, alilemba dala. Nkhani yaing'ono. Mauthenga amayenda mu sitirimu ngati madzi m'paipi, ndiye ndimangirira sefa polowera, ina potulukira.

Lachiwiri
Sefa yolowera: ikuchotsa Lusungu.
Sefa yotulukira: ikuwonjezera "Yewo chomene" kumapeto kwa uthenga.
Zikuyenda! Amene amati ndimangoseweretsa laputopu aona.

Lachitatu
Kalanga ine! Uthenga uliwonse ukafika, pulogalamu ikumangirira sefa yotulukira yatsopano osamasula yakale. Zaunjikana. Uthenga woyesera wa amalume watuluka ndi "Yewo chomene" wodzaza khoma lonse. Iwo akuti, "Mwe, ndathokoza chiyani chonsechi?" Ndikonza.

Lachinayi
Lusungu wadutsa! Kani sitirimu imabweretsa uthenga m'zidutswazidutswa. Theka la dzina labwera m'chidutswa china, theka m'chinzake, sefa sinamuzindikire, wakalumikizana pakhoma. Mtsikanayu ndi wamakani ngakhale mu kompyuta. Sindigonja.

Lachisanu
Sefa zatsopano:
yosonkhanitsa zidutswa,
yotaya uthenga uliwonse wokhala ndi mawu oti "wakale",
"ukukumbuka",
"mtima",
"chikondi".
Mayi awo a alamu atumiza madalitso aatali, sipanatuluke kanthu. Andiimbira: "Mwana wanga, pemphero langa lapita kuti?" Walira mvula walira matope. Sindimasula sefa ngakhale imodzi.

Loweruka
Holo yadzaza. Mauthenga akulowa ambirimbiri, pakhoma pakutuluka "Yewo chomene" yekhayekha. Koma dzina lija ng'o! Ndapambana! Kenako Lusungu akulowa pakhomo ndi miyendo yake, diresi yofiira, mphatso m'manja. Woyendetsa mwambo sakudziwa kanthu. Wamufunsa dzina, walilengeza pa maikolofoni: "Anzake a Lusungu nonse, bwerani mumuvinire!" Anzawo a achimwene athamangira kutsogolo. Alamu avula velo.

Lamulungu
Alamu ali kwa makolo awo ku Kaning'ina, ankhoswe akukambirana. Ndafotokozera achimwene kuti pulogalamu sinalakwitse paliponse. Mtima ukundiwawa, chifukwa alamu ndimawakonda. Pulojekita ndikabweza mawa. Ndafunsa amalume kuti pakhomo paja anaima ndani kuona makadi. Akuti, "Palibe. Suja unakana?"